Anatijambula asanatione: mabuku akale a zithunzi ndi mbiri ya Tete

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, pali chithunzi china chimene chimayendayenda m'mafoni athu, ndipo ambiri mwachionapo. Ndi cha mfumu yovala zamtengo wapatali, pansi pake palembedwa Chifalansa chonena kuti ameneyu ndiye mfumu yaikulu Monomotapa. Ena amachiika pa Facebook monyadira, ena amachisindikiza n'kukachimata pakhoma la kalasi akamaphunzitsa za ufumu wa Mwenemutapa. Chithunzicho chinazokotedwa ku Paris m'zaka za m'ma 1600 ndi Nicolas de Larmessin, munthu amene ankajambula mafumu a mayiko osiyanasiyana kuti azigulitsa. Mtsinje wa Zambezi sanauonepo, mfumuyo sanaionepo. Nkhope ili pamenepo inachokera m'mutu mwake.

Zithunzi zambiri zotere zimachokera m'mabuku a maulendo amene anasindikizidwa ku Amsterdam, Frankfurt, Lisbon ndi London kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Masiku ano mabukuwo ndi osowa. Amene anatsala ali m'malaibulale akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America, ena ali m'nyumba za anthu olemera amene amawagula pa okushoni, ndipo ena anang'ambidwa kuti tsamba lililonse la chithunzi ligulitsidwe palokha. Ife a kuno ku Mateus Sansão Muthemba mwina sitidzaligwira ndi manja buku lotero. Koma zithunzi zake zimatifika ndithu, ndipo zimafika ngati mwana wosochera pamsika amene sakutha kutchula dzina la atate ake: palibe chaka, palibe dzina la wojambula, palibe buku limene zachokeramo. Mwana wathu akaziona amaganiza kuti zinajambulidwa ndi kamera.

Vasco da Gama anafika pa chilumba cha Mozambique mu Malichi 1498, koma ulendo wake sunabale buku la zithunzi. Mafumu a ku Portugal ankabisa njira ya ku India ngati mmene mlenje amabisira pamene watchera misampha. Zimene mmodzi wa anthu a m'zombo zake analemba tsiku ndi tsiku zinakhala m'zolemba pamanja mpaka mu 1838, pamene zinasindikizidwa ku Porto. Amene anaulula chinsinsicho kwa onse anali mnyamata wa ku Holland, Jan Huygen van Linschoten. Iye analembedwa ntchito ndi bishopu wamkulu wa ku Goa, ndipo popita kumeneko mu 1583 chombo chake chinaima pa chilumba cha Mozambique pafupifupi milungu iwiri. Ali ku Goa anakopera mwakachetechete zimene Apwitikizi ankadziwa za njira, mphepo ndi madoko. Buku lake, Itinerario, linatuluka ku Amsterdam mu 1596, lili ndi mapu ndi zithunzi zoposa 30. Muli chithunzi cha chilumbacho, mulinso cha anthu akuda a dziko lino. Patangopita zaka 11, mu 1607, zombo zankhondo za ku Holland zinazinga linga la Apwitikizi pa chilumba chomwecho, ndipo zinabweranso mu 1608. Buku la zithunzi silinali chokongoletsera nyumba chabe.

Milungu iwiri pa chilumba, n'kulemba za anthu a dziko lonse! Ine ndakhala zaka zingapo mu mzinda uno koma sindingayerekeze kunena kuti anthu a ku Zumbo ndikuwadziwa.

Tione mmene chithunzi chinkapangidwira, chifukwa bodza ndi choonadi zinkasakanikirana pamenepo. Wapaulendo ankabwera ndi zolemba zake, mwina ndi tizithunzi tojambula mothamanga, mwina wopanda n'kamodzi komwe. Wosindikiza mabuku ankapereka zimenezo kwa mmisiri. Mmisiriyo ankatenga mkuwa wosalala ngati lata, n'kumazokotapo mizere ndi kachitsulo kosongoka, mzere umodziumodzi, kwa masiku ambiri. Akatha ankapakapo inki, n'kupukuta pamwamba kuti inki itsale m'mizere mokha, kenako pepala lonyowa linkapanikizidwa pamkuwapo ndi makina. Wofuna buku la mitundu ankalipira wina kuti apake utoto ndi manja. Mkuwa unali wodula, choncho umodzi unkagwiritsidwa ntchito kambirimbiri, ndipo amisiri ankakoperana. Kujambula thupi la munthu anakuphunzira poyang'ana ziboliboli za Agiriki ndi Aroma. N'chifukwa chake m'zithunzi zimenezi munthu wa ku Mozambique, wa ku Brazil ndi wa ku Java onse ali ndi minofu yofanana ndi kaimidwe kofanana. Anangosiyanitsidwa tsitsi, nthenga ndi chimene agwira m'manja.

Amene anapindula kwambiri ndi malonda amenewa ndi banja la De Bry ku Frankfurt. Theodor de Bry anayamba mu 1590 ndi mabuku a maulendo a ku America. Iye atamwalira mu 1598, ana ake, Johann Theodor ndi Johann Israel, anapitiriza ndi mndandanda wa maulendo a ku Africa ndi ku Asia wotchedwa India Orientalis, umene unatha mu 1628. Palibe mmodzi wa iwo amene anapondapo ku Africa. Ankatenga mabuku a ena, kuwamasulira m'Chijeremani ndi m'Chilatini, n'kuwonjezeramo zithunzi zawozawo pamalo pamene anaona kuti ogula adzidzimuka. Pokonza buku la Linschoten anaikamo chithunzi cha anthu a gombe lathu lino chochititsa manyazi, choti sindingachifotokoze pa tsamba lowerengedwa ndi makolo, pamene m'buku la mwini wake munalibe. M'buku lonena za ku Congo, limene Filippo Pigafetta analemba ku Rome pongomva kwa wamalonda wina wa Chipwitikizi, Duarte Lopes, muli chithunzi cha malo ogulitsira nyama ya anthu, miyendo ndi mikono itapachikidwa ngati ya mbuzi. Lopes anauza Pigafetta, Pigafetta analemba, a De Bry anajambula. Patapita zaka 265, mu 1863, wasayansi wotchuka wa ku England, Thomas Huxley, anachisindikizanso chithunzicho m'buku lake. Bodza lolembedwa limaiwalika, koma lozokotedwa pamkuwa limakhala ndi moyo wautali.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Mzungu woyamba amene anafotokoza Tete mwatsatanetsatane m'buku losindikizidwa anali wansembe wa chipani cha Adominikani, João dos Santos. Anafika ku Sofala mu 1586, ndipo mu 1590 anakwera mtsinje wa Zambezi, kudutsa ku Sena mpaka kuno, n'kukhala miyezi ingapo. Buku lake, Ethiopia Oriental, linasindikizidwa ku Évora mu 1609. Si buku la zithunzi, koma ndilo linadyetsa olemba ndi ojambula ambiri a pambuyo pake, pakuti mbali zake zinamasuliridwa m'Chingerezi mu 1625 ndipo kenako m'Chifalansa.

Pamene bambo ameneyu akufotokoza zimene anaona ndi maso ake, ndimamukhulupirira ndipo ndimamuthokoza. Akunena kuti Apwitikizi enieni ku Tete anali pafupifupi 40 okha, ndipo mkulu wa linga ankadalira mafumu a midzi 11 yozungulira, amene ankamupatsa ankhondo. Tiziganizira zimenezo tikamadutsa pa linga la São Tiago Maior pafupi ndi mlatho: mphamvu ya Tete wakale inali m'manja mwa anthu akuda onyamula mauta. Kudera la Sofala anamva choimbira cha timitengo tokhala ndi zikho pansi, ndi china chaching'ono cha tizitsulo choimbidwa ndi zala zazikulu. Anazifotokoza bwino kwambiri moti aliyense wodziwa malimba ndi kalimba amazizindikira, ndipo dzina limene analemba ndi ambira. Akatswiri a nyimbo amatchula tsamba limenelo mpaka lero.

Koma m'buku lomwelo muli nkhani ya Amumbo ndi Azimba, anthu a kutsidya la kumpoto kwa mtsinje, amene iye akuti ankadya anthu. Akusimba za mfumu Quizura ya ku Chicarongo, imene mkulu wa linga la Tete, Pero Fernandes de Chaves, anakaigonjetsa. Akusimbanso za chaka cha 1592, pamene Azimba anapha Chaves yemweyo, mkulu wa linga la Sena André de Santiago, ndi wansembe Nicolau do Rosário. Nkhondoyo inachitikadi. Koma pamene inkachitika Dos Santos anali atachoka kale ku Zambezi. Anaimva kwa ogonja, kwa amene anataya abale ndi anzawo. Iye akutinso gulu la Azimba linayenda mpaka ku Kilwa ndi ku Mombasa likudya anthu m'njira monse. Akatswiri a mbiri akhala akutsutsana pa nkhaniyi: ambiri amati Azimba a ku Zambezi anali ankhondo a Lundu, mfumu ya Amaravi ya kuchigwa cha Shire, amene ankalimbirana ndi Apwitikizi malonda a minyanga, ndipo ena amakayika ngati amene anaukira Mombasa anali anthu omwewo. Kuganiza kwanga n'kwakuti tisaiwale amene ankapindula ndi mbiriyo. M'nthawi imeneyo, wogwidwa pa nkhondo yotchedwa yachilungamo ankaloledwa kusandutsidwa kapolo, ndipo palibe nkhondo yooneka yachilungamo kuposa yomenyana ndi odya anthu. Dzina lakuti Zimba lilipobe, ndi la mabanja ambiri ku Zambia ndi ku Malawi. Mphunzitsi akangonena m'kalasi kuti Azimba anali odya anthu, osawonjezera kuti ananena ndani ndipo anamva kwa yani, akusenzetsa ana katundu amene sanamuyeze kulemera.

Buku limene ndimalikonda pa onsewa linabwera mochedwa, ndipo ulendo wake unayambira mu mzinda uno. Pa 1 Juni 1831 gulu la anthu oposa 400 linanyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, ku chigwa cha Luapula, dera limene lero lili kumpoto kwa Zambia. Wotsogolera anali Major Monteiro, wachiwiri wake anali msilikali wa zaka 25, António Gamitto, amene ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku. Njirayo sinali yatsopano. Amalonda a Chibisa ankaiyenda kale, ndipo mu 1798 Francisco José de Lacerda anaitsata kuchokera ku Tete komweku n'kukafera pafupi ndi mudzi wa Kazembe. Ulendo wa Monteiro sunapindule kanthu pa malonda. Unakumana ndi njala ndi matenda, anthu ambiri anafera m'njira, ndipo otsala anabwerera mu 1832. Chimene chinatsala ndi buku, O Muata Cazembe, limene linasindikizidwa ku Lisbon mu 1854, patatha zaka 22, lili ndi mapu ndi zithunzi za mitundu. Chotchuka kwambiri ndi cha Kazembe mwini wake atavala zachifumu. Gamitto anamuonadi maso ndi maso, ndipo analowa m'mudzi wake atakwera bulu, nyama imene anthu a kumeneko anaidabwa kwambiri.

Chimene chimandigwira mtima si Kazembe ayi, koma masamba a koyambirira, pamene gululo likudutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa kumpoto kwa Tete. Gamitto anadutsa mu 1831. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835. Ndiye kuti bukuli likutionetsa dziko la makolo athu patatsala zaka zinayi zokha kuti zinthu zitembenuke, dzina lakuti Angónia lisanalotedwe n'komwe. Akufotokoza ulimi wawo, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi makasu amene ankasula, maliro, milandu ndi mwavi. Akutchula Undi ngati mfumu yaikulu ya Amaravi ndi Mkanda ngati ya Achewa.

Mawu athu ali mbwee m'bukumo, atavala zovala za Chipwitikizi. Gamitto analemba mambo, fumo, muzimo, muave, Unde, Mucanda, Chissumpe. Wowerenga wa ku Lisbon amangowadumpha ngati miyala ya mu mpunga. Koma mwana wa kalasi yachisanu wa ku Ulónguè kapena ku Furancungo, wodziwa kuwerenga Chipwitikizi ndiponso woyamwa Chinyanja, akawatchula mokweza amamva yekha kuti ndi mfumu, mzimu, mwavi, Undi, Mkanda ndi Chisumphi. Ndinayesapo kulemba mawu amenewa pa bolodi osanena kanthu. Panali chete pang'ono, kenako mmodzi anawerenga Chévas katatu, n'kufuula kuti, “Aphunzitsi, akunena ife!” Chipwitikizi chilibe liwu lathu la pakati pa dzina lakuti Chewa, choncho mlembiyo anaika v. Pa mutu wa bukulo palinso Muizas ndi Muembas, kutanthauza Abisa ndi Abemba. Ine ndikawerenga ndimamva Awiza ndi Awemba, mmene agogo athu ankawatchulira, ndipo ndimaona kuti mayinawo anafika m'khutu la Gamitto kudzera pakamwa pa omasulira a kuno kwathu. Kumapeto kwa bukuli kuli mndandanda wa mawu a chilankhulo cha ku Tete, woti anzathu ophunzitsa Chinyungwe angakondwe nawo. Ngakhale liwu lakuti mzungu lili ndi phunziro: ku Zambezi wa nthawi imeneyo, muzungo sanali woyera khungu yekha, ankathanso kukhala mwini prazo wobadwira konkuno, wa khungu lofanana ndi lathu.

Sindikumuyeretsa Gamitto. Amatitchula mayina onyoza, amaweruza miyambo imene sanaimvetse, ndipo ambiri mwa amene anasenza katundu wake anali akapolo. Koma anayenda panjirapo, anagona m'midzimo, anafunsa mafunso. Ameneyu ndi mboni yokondera, pamene De Bry sanali mboni n'komwe. Bukuli linasindikizidwanso mu 1937, ndipo Ian Cunnison analimasulira m'Chingerezi mu 1960. La 1854 likupezeka pa intaneti, lojambulidwa tsamba ndi tsamba, kwa amene ali ndi megabayiti zokwanira ndi mtima wodekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za David Livingstone sindichulutsa, pakuti n'zodziwika. Anafika ku Tete mu Malichi 1856, ndipo buku lake la 1857 linagulidwa kwambiri. Chithunzi chake chotchuka, cha mkango utamugwetsa pansi, chinajambulidwa ku London, ndipo mwini wake anadandaula kwa wosindikiza kuti n'choipa. Atabweranso mu 1858 ndi sitima yotchedwa Ma Robert, anatenga wojambula weniweni, Thomas Baines. Ameneyu ndiye anakhala pansi m'dzuwa lathu lino n'kujambula zimene zinali patsogolo pake: mzinda wa Tete ukuoneka kuchokera kutsidya, mathithi a Cahora Bassa madzi a damu asanawamize, ndi anthu akukumba malasha pafupi ndi Tete. Inde, malasha, mu 1859, zaka pafupifupi 150 migodi ikuluikulu ya lero ya ku Moatize isanatsegulidwe. Chaka chomwecho Livingstone anamuchotsa ntchito pomuneneza kuti anasakaza katundu wa ulendowo, mlandu umene Baines anaukana mpaka imfa yake. Zojambula zake zina zinalowabe m'buku la Livingstone la 1865, koma dzina lake silinalembedwe pansi pake.

M'buku la 1865 limenelo muli chithunzi chimene sitiyenera kuchithawa. Ndi mzere wa anthu ogwidwa ukapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana atamangidwa zingwe. Livingstone anakumana nawo mu Julayi 1861 pamudzi wa Mbame, kumapiri a kufupi ndi kumene lero kuli Blantyre. Anali anthu 84, ambiri akazi ndi ana, ndipo ankapita nawo kuno ku Tete. Mmodzi wa owatsogolera anazindikirika kuti anali kapolo wa mkulu wina wa mu mzinda uno. Chithunzichi nachonso chinazokotedwa ku London. Munthu wokweza nkhwangwa pa mnzake amene chikumuonetsa, Livingstone sanamuone, anamva kwa opulumutsidwawo. Chinakonzedwanso ndi cholinga, chofuna kuutsa mitima ya anthu a ku England. Komabe goli linalipo, njirayo inalipo, ndipo mboni zina zambiri, zolemba za Apwitikizi eni ake ndi zokumbukira za m'midzi, zikuvomereza. Ogwidwawo ankalankhula chilankhulo chathu, ndipo owagwirawo anachokera mu mzinda wathu. Ndikamauza ana kuti chithunzi cha De Bry n'chopeka, sindifuna kuti atuluke akuganiza kuti chilichonse chowawa n'chopeka.

Choncho chithunzi chakale chikalowa m'kalasi mwanga, pansi pake ndimalembapo chaka, mzinda umene chinapangidwira, ndi yankho la funso limodzi: kodi wojambulayu anafikako? Ana amafulumira kuzolowera, ndipo tsopano amafunsa okha funso lomwelo pa zithunzi za m'mabuku awo a sukulu. Makolo kunyumba mungachite chimodzimodzi mwana akakuonetsani za m'foni.

Pali wapaulendo mmodzi amene ndimafuna ana a ku Tete amudziwe dzina. Pa 2 Febuluwale 1811 munalowa mu mzinda uno amalonda awiri akuda ochokera ku Angola, Pedro João Baptista ndi mnzake Amaro José. Anatumidwa ndi wamalonda wa ku Cassange, anayenda pansi kudutsa dziko la Alunda, anachedwetsedwa zaka zingapo kwa Kazembe, n'kutsikira ku Zambezi. Anafika kuno zaka 45 Livingstone asanafike, ndipo atapuma anabwerera ku Angola pansi pomwe. Baptista ankadziwa kulemba, ndipo analemba m'Chipwitikizi mitsinje imene anawoloka, midzi imene anagonamo ndi mafumu amene anawapatsa mphatso. Zolemba zakezo zinasindikizidwa m'magazini ina ya ku Lisbon mu 1843, ndipo mu 1873 zinatuluka m'Chingerezi ku London, kumbuyo kwa zolemba za Lacerda, m'buku lotchedwa The Lands of Cazembe. M'menemo mulibe chithunzi chake.